Cilonda ca pa Lilime Ciri ndi Masiku Ace

KAFUE — M'komboni ya Nangongwe, monga m'makomboni ena a tauni ino, ndiwo imene ipezeka kawiri-kawiri m'mbale ndi nsomba. Mtsinje wa Kafue uli pafupi, ndipo amalonda abwera nazo kucokera ku madooko onga Chanyanya, zaziwisi ndi zouma zomwe. Kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale, pamene Boma litseka usodzi kuti nsomba ziswane, mabanja ambiri adalira kapenta ndi nsomba zouma. Minga ya nsomba youma ndi yolimba, ndipo munthu amene wabwera ku nchito dzuwa litalowa, njala itamgwira, sakhala ndi mtima wosankha bwino. Munga ulasa lilime, kapena pofuna kuulavula msanga iye adziluma yekha. Alavula timagazi, namwa madzi, napitiriza kudya.

Pakapita masiku awiri kapena atatu, pamalo paja paoneka kacilonda koyera pakati, kofiira m'mbali. Nsima yotentha iwawa, mcere uwawa, ngakhale kulankhula kumene kuvuta. Apa ndipo anansi ayamba kupereka nzeru: wina ati pakani mcere wouma, wina ati ikanipo asipirini, wina ati cukucani ndi kacasu.

Cilonda cotere si nthenda yoopsa. Ciri ndi masiku ace. Ngati palibe cinthu cocikhula, cipola cokha pakati pa masiku 7 ndi 14. Comweco nchito ya wodwala ndi ya omusamala iri pawiri: kupeza ndi kucotsa cimene cikhula cilondaco, ndi kuwerenga masiku. Pa ziwirizi ndi pamene anthu ambiri, a m'tauni ndi a kumudzi omwe, alakwa.

BALA LIKANGOCITIKA

Lilime ndi mnofu wokha-wokha wopanda fupa, ndipo liri ndi mitsempha yambiri ya magazi. Ndico cifukwa cace bala laling'ono litulutsa magazi ocititsa mantha, maka-maka akasakanizana ndi malovu. Koma magazi omwewo ndiwo acititsa kuti bala la pa lilime lipole msanga kuposa la pa mwendo.

Wothandiza ayambe wasamba m'manja ndi sopo. Atenge kansalu koyera kocapa bwino, akapinde, ndi kukanikiza nako pa bala kwa mphindi 10 kapena 15 osacotsa-cotsa kuti aone. Kusuzumira pafupi-pafupi kucotsa magazi amene ayamba kuundana, ndipo bala liyambanso kukha. Wovulala akhale tsonga, mutu woweramira kutsogolo, kuti asameze magazi, pakuti magazi akaculuka m'mimba asanzitsa. Kumene kuli madzi oundana a m'filiji, monga m'magolosale a ku Nangongwe, kuyamwa kacidutswa kucepetsa kutupa ndi ululu. Kumudzi madzi ozizira a mu mtsuko athandizanso.

Mabala ambiri a pa lilime safuna kusoka. Koma alipo ena amene sayenera kugona pa nyumba: bala limene likhabe magazi atalikanikiza mphindi 15, bala loyasama kapena lakuya, bala lodutsa lilime kucokera pamwamba kufikira pansi, ndi bala limene lang'amba nsonga kapena m'mphepete mwa lilime. Otere apite ku kiliniki tsiku lomwelo, cifukwa kusoka kuyenda bwino bala likali latsopano. Ngati lilime latupa kotero kuti kupuma kapena kumeza malovu kwavuta, apo palibe kudikira kuti kuce. Ndiponso amene wagwa pa njinga kapena wavulala ndi cinthu cadothi auze anamwino, kuti aone ngati afunika jekeseni woteteza kafumbata.

MADZI A MCERE

Mankhwala oyamba a cilonda ca m'kamwa ali m'khichini mwa mai aliyense. Theka la kasupuni ka tiyi ka mcere asungunule m'kapu imodzi ya madzi ofunda. Madziwo akhale owiritsa kapena othira klorini, pakuti sikwanzeru kucukuca cilonda ndi madzi otunga pa mtsinje kapena pa citsime cosatseka. Wodwala acukuce kwa theka la mphindi ndi kulavula, katatu kapena kanai pa tsiku, maka-maka atadya ndi pokagona. Mcere sucita zozizwitsa ai. Nchito yace ndi kutsuka nyenyeswa za cakudya ndi kusunga malo aukhondo pamene thupi lidzikonza lokha. Kuonjeza mcere sikufulumizitsa kupola, ndipo kutikita mcere wouma pa cilonda kuononga khungu latsopano limene layamba kumera. Kupirira ululu wotere si camuna, ndi kungodzibwezera m'mbuyo.

Pali cinthu cimodzi cimene cisokoneza anthu ambiri. Coyera kapena cacikasu cimene ciphimba cilonda si mafinya. Ndi cophimba cimene thupi lipanga lokha, monga nkhanambo ya bala la pa khungu, kungoti m'kamwa monyowa nkhanambo siuma. Amai ena, poganiza kuti ndi dothi, acipala ndi nsalu kapena ndi kamtengo kufikira patatuluka magazi. Potero cilonda ciyambiranso pa tsiku loyamba.

Ena aleka kutsuka mano poopa ululu. Kumeneku ndi kulakwa, cifukwa m'kamwa mwauve cilonda cicedwa kupola. Mano atsukidwe m'mawa ndi madzulo ndi mswaci wofewa, mosamala pofika pafupi ndi cilonda. Amene agwiritsa nchito mswaci wa kamtengo autafune bwino kufikira utafewa.

Pa zakudya, munthu asankhe zofewa ndi zozizira pang'ono: phala la nsinjiro, nsima yofewa yoiyembekeza kuti ipole, mazira, nthoci zakupsa, kotapela, maungu, kandolo wophika, cibwabwa cotendera, mkaka. Kwa masiku ocepa apewe mphiripiri, mandimu, cinanazi, mabuyu, masau, cimanga cokazinga, nzimbe, tiyi wotentha kwambiri, mowa ndi fodya. Nsomba sialetsedwa, koma minga aicotse ndi zala isanafike m'kamwa. Kwa mwana wamng'ono coopsa si cilonda ceni-ceni koma kukana kumwa. Mai amumwetse pang'ono-pang'ono ndi supuni, ndipo woyamwa apitirize kuyamwa. Mwana amene wakana kumwa tsiku lonse, kapena wacepetsa kukodza, kapena watentha thupi, apite naye ku kiliniki.

ZIMENE ZIOCHA CILONDA

Ululu ukakula, mapiritsi a parasetamolo, amene ambiri awacha Panado, athandiza. Wamkulu amwe awiri a 500 mg, osapitirira kanai pa tsiku lathunthu, ndipo mwana apatsidwe muyeso wa msinkhu wace monga anena anamwino. Mapiritsi ndi akumeza. Cizolowezi coika asipirini pa cilonda kapena pambali pa dzino lowawa ndi coipa kwambiri, pakuti asipirini ndi asidi: aocha khungu la m'kamwa nasiya cilonda coyera cacikulu kuposa coyamba. A zamano aciona kawiri-kawiri cimeneci. Ndiponso ana osafika zaka 16 sayenera kupatsidwa asipirini konse popanda lamulo la dotolo.

Cimodzi-modzi ndi makapisozi ogula pa msika amene ena atsegula ndi kuwaza ufa wace pa cilonda. Cilonda ca kudziluma sicibwera ndi tizirombo ai, tero mankhwala opha tizirombo alibe nchito pamenepo. Angotaya ndalama ndi kuzoloweretsa tizirombo, kotero kuti tsiku limene mankhwalawo adzafunikadi adzapezeka opanda mphamvu. Kacasu, sipiriti, phulusa, nsunko, madzi a m'batire ndi mafuta a mabuleki, zonsezi zamvekapo kuti anthu apaka pa zilonda, ndipo zonsezi ziocha mnofu. Acikulire akumbukira mankhwala opaka a GV, aja osiya m'kamwa mwa mwana muli bii ngati wadya nthudza. Masiku ano munthu asawapake m'kamwa mwa iye yekha, cifukwa a mphamvu ya pa khungu akhoza kuyambitsa zilonda zina. Ku kiliniki ndi ku sitolo za mankhwala kupezeka mankhwala ocukucira ochedwa chlorhexidine ndi ena opaka oziziritsa ululu, ndipo anchito a zaumoyo ndiwo adziwa oyenera munthu aliyense.

MDANI ALI M'KAMWA MOMWEMO

Tsono pali zilonda zina zimene munthu acukuca mokhulupirika, napewa mphiripiri, koma osapola. Kawiri-kawiri mlandu uli ndi dzino.

Munthu wamkulu ali ndi mano 32, ndipo m'mphepete mwa lilime mugona pa mano a kumbuyo usana ndi usiku. Dzino likabenthuka, kaya ndi kamwala ka mu nyemba, kaya ndi fupa, kaya ndi kutsegula botolo ndi mano monga acita anyamata m'mabawa, kaya labooka ndi kuola, litsala ndi msonga wakuthwa ngati mpeni. Nthawi iriyonse munthu akalankhula, akatafuna kapena akameza malovu, lilime lipita pa mpeni umenewo. Cilonda cotere sicingapole ngakhale munthu atamaliza thumba la mcere, monga bala la kuphazi silipola ngati msomali ukali mu nsapato.

Kudziwa sikuvuta. Munthu asambe m'manja, aime pa kalirole pamalo owala, ndi kuona ngati cilonda cigona moyang'anizana ndi dzino lina. Kenaka ayendetse cala pa dzinolo. Likakanda cala, ndiye kuti likanda lilime. Nchito yotsala ndi ya a zamano, amene akhoza kupala msongawo m'mphindi zocepa, kapena kumata dzino, kapena kulizula ngati laonongeka kwambiri. Ambiri aopa kupita poganiza kuti dzino lirilonse lofika kwa a zamano lizulidwa, koma si tero. Munthu asayese kupala dzino yekha ndi tupa kapena mwala, pakuti akhoza kufika pa mtsempha ndi kudziitanira ululu woposa. Okhala ku Nangongwe ayambira pa kiliniki yao, imene itumiza ofunika thandizo loposa ku Kafue General Hospital. A kumidzi ayambira pa kiliniki ya kufupi ndi kwao, imene iwatumiza ku cipatala ca boma lao. Dzino likakonzedwa, cilonda ciyenera kupola m'masabata awiri.

Mano oikirira amene akhwepa kapena athyoka acita cimodzi-modzi kwa okalamba. Awacotse pogona, ndi kupita nao kuti akakonzedwe. Makanda ena, amene mano a kutsogolo a pansi abadwa nao kapena amera msanga, acita kacilonda kunsi kwa lilime cifukwa ca kukhula poyamwa. Ameneyo aonedwe ku cipatala, osati kumzula mano pa nyumba. Ndiponso mwana amene wacokera kozula dzino, m'kamwa mukali dzanzi la jekeseni, ayang'aniridwe kwa maola awiri kapena atatu, pakuti ana atafuna lilime kapena mlomo osamva kanthu.

KUDZILUMA KWA KHUNYU

Pali kudziluma kwina kumene kuli ndi uthenga wace. Munthu amene adzuka m'mawa ndi bala m'mphepete mwa lilime, thupi lonse liri lophwanyika, mwina atakodza pogona, osakumbukira kanthu, angakhale kuti anagwa khunyu ali m'tulo. Zikacitika kawiri, asangosamala cilonda cokha, akafotokoze ku kiliniki. Khunyu ndi nthenda ya mu ubongo ndipo iri ndi mankhwala amene aletsa kugwa mwa odwala ambiri akamamwa mosadumphitsa.

Munthu akagwa khunyu, anthu athamangira kumlowetsa supuni kapena kamtengo m'kamwa, ati kuti angameze lilime. Palibe munthu angameze lilime lace. Supuniyo ndiyo ithyola mano ndi kung'amba lilime, ndipo wothandiza naye alumidwa zala. Coyenera ndi kumcotsa pafupi ndi moto kapena madzi, kuika cofewa kunsi kwa mutu, ndi kumgoneka cammbali kugwedezeka kukaleka, kuti malovu atuluke. Malovu amenewo sapatsira khunyu. Kugwedezeka kukapitirira mphindi 5, kapena wakugwayo akakhala mai wapakati, afunika kufika ku cipatala mwamsanga.

MASABATA ATATU

Apa ndi pamene pali nkhani yaikulu. Cilonda ciri conse ca m'kamwa cimene catha masabata atatu osapola ciyenera kuonedwa ndi anchito a zaumoyo, kaya ciwawa kaya siciwawa.

Cimene cipusitsa anthu ndi cikumbumtima ca kudziluma kuja. Munthu aliyense anadzilumapo, tero cilonda cikakhalitsa iye angoti, ndi paja ndinadziluma. Mwezi upita, wina ubwera, iye akali kunena za munga wa nsomba imene anadya mvula isanayambe. Nthawi zina zinthu ziyenda cobwerera: lilime linayamba latupa ndi nthenda, ndipo kutupako ndiko kunacititsa kuti alilume. Cifukwa cace ndi bwino kulemba cizindikiro pa kalendala tsiku limene cilonda caoneka, kapena kuwerenga Masondo. Likafika Sondo lacitatu cilonda cikalipo, nthawi ya mcere yatha.

Zifukwa zocedwetsa kupola ndi zingapo, ndipo zambiri ziri ndi mankhwala. Kucepa kwa magazi ndi kusowa zakudya zina m'thupi kubweretsa zilonda zobwera-bwera, ndipo lilime lioneka losalala ndi lotuwa. Nthenda ya shuga icedwetsa bala liri lonse. Kacirombo ka HIV, mwa munthu amene sanayambe mankhwala, kabweretsa zilonda zikulu-zikulu ndi zoyera-yera zonga mkaka wogona pa lilime ndi m'masaya. Kupimitsa magazi ndi kwaulere m'makiliniki a Boma, ndipo ma ARV akayambika zilondazi zicepa. Cindoko ndi cifuwa cacikulu ca TB nazo nthawi zina zionekera m'kamwa. Palinso tizilonda tozungulira timene tibwera tokha mwa anthu athanzi, maka-maka acinyamata, ndi kupola m'masabata awiri. Timeneti sitipatsirana, ndipo palibe cifukwa copatula mbale ya munthu wotere.

Koma cimene madotolo afuna kutsimikiza kuti palibe ndi khansa. Khansa ya m'kamwa ikonda malo omwewo amene anthu adziluma: m'mphepete mwa lilime ndi kunsi kwace. Poyamba ioneka ngati kacilonda wamba, ndipo kawiri-kawiri siwawa. Kusawawako ndiko kugoneka anthu tulo. Cilonda ca kudziluma ciwawa kwambiri masiku oyamba ndi kumka cicepa. Ca khansa cimka cikula, m'mbali mwace mutukuka, ndipo pocigwira ndi cala cimveka colimba ngati pali kanthu pansi. Zizindikiro zina ndi banga loyera kapena lofiira losacoka, kukha magazi popanda cifukwa, dzanzi pa lilime, kuwawa kwa khutu la mbali yomweyo, kuvutika kumeza kapena kutembenuza lilime, ndi mwanabere wolimba wa m'khosi amene sabwerera.

Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, World Health Organization, linawerengera kuti m'caka ca 2022 anthu pafupi-fupi 390,000 anapezeka ndi khansa ya m'kamwa ndi milomo, ndipo oposa 188,000 anafa nayo. Amene ali pa ngozi yaikulu ndi osuta fodya, oika nsunko m'kamwa, ndi akumwa mowa kwambiri, maka-maka amene apitirira zaka 40. Fodya ndi mowa zikakumana mwa munthu mmodzi, ngozi ikula koposa. Amai acikulire amene aika nsunko kunsi kwa lilime kapena m'tsaya aganiza kuti ali bwino popeza sapuma utsi, koma fodyayo agona pa mnofu womwewo maola ambiri tsiku ndi tsiku. Komabe nthendayi igwiranso ena osasuta ndi osamwa, tero lamulo la masabata atatu ndi la munthu aliyense.

Khansa imeneyi ikapezeka ikali yaing'ono, madotolo aicotsa ndipo odwala ambiri acira, nalankhula ndi kudya monga kale. Ikafika m'khosi nchito ikula, ndipo mwai wa kucira ucepa kwambiri. Kusiyana kwa awiriwa nthawi zambiri ndi miyezi yocepa cabe, miyezi imene itha munthu akuyesa mankhwala a anansi kapena akucita manyazi kuyasamula pamaso pa namwino wamng'ono ngati mdzukulu wace. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Kale odwala khansa ofunika kuocha ndi makina anali kutumizidwa kunja kwa dziko. M'caka ca 2007 Boma linatsegula Cancer Diseases Hospital mu Lusaka, pafupi ndi University Teaching Hospital, mtunda wa makilomita pafupi-fupi 45 kucokera ku Kafue. Koma njira siyambira kumeneko. Iyambira pa kiliniki, kumene kuyambira m'caka ca 2012 Boma linacotsa malipiro a cithandizo coyamba m'dziko lonse. Anamwino ayang'ana cilonda, agwira m'khosi, mwina apima magazi, ndipo akaona cokaikitsa alemba kalata yotumiza wodwala ku cipatala cacikulu. Kumeneko dotolo abaya jekeseni wa dzanzi, nadula kanyama kakang'ono ngati njere ya mpunga kapena ya nyemba, kuti akakapime ndi makina oonera tinthu tating'ono. Ena akana poopa kuti kudula kufalitsa nthenda. Sikufalitsa, ndipo palibe njira yina yodziwira zoona. Ambiri opimidwa motero apezeka kuti alibe khansa, nabwerera kwao mtima uli pansi.

Popita ku kiliniki wodwala anene tsiku limene cilonda cinayamba, zonse zimene wapakapo ngakhale za kwa sing'anga, mankhwala ena amene akumwa, ndiponso asabise za fodya ndi mowa. Amene wapatsidwa mankhwala ocukucira, kapena wakonzedwa dzino, koma patapita masabata awiri cilonda cikali pomwepo, abwerere ku kiliniki komweko ndi khadi lace, ndipo ali ndi ufulu wopempha kalata yomtumiza ku cipatala cacikulu.